Seva isamafe mukatseka terminal: nohup, tmux, cron kapena systemd?

Kuyatsa seva yaing'ono pa Linux ndi ntchito ya mzere umodzi. Mukalemba `python3 -m http.server 8000` m'foda yomwe muli mafayilo, makompyuta ena a pa netiweki yomweyo ayamba kuwapeza pa port 8000. Chovuta n'chakuti sevayo ikhalebe ikuyenda inu mutachokapo. Ambiri amangofunsa kuti lamulo lake ndi liti, koma poyambira pabwino m'pofunsa kuti kodi ikufa ndi chiyani, chifukwa zoipha zilipo zinayi ndipo sizifanana. Ikhoza kufa chifukwa terminal yatsekedwa kapena SSH, njira yolowera pa kompyuta ya kutali, yaduka. Ikhoza kugwa yokha chifukwa cha cholakwika cha m'pulogalamu kapena kutha kwa RAM. Ikhoza kuzima pamodzi ndi kompyuta magetsi akathima, n'kusadzukanso akabwera. Chachinayi n'choipa kuposa zonse: pulogalamu ilipo, port ndi yotsegula, koma siikuyankha aliyense.

Tinene kale maganizo athu: nohup ndi tmux zimathetsa vuto loyamba lokha. Ngati pali anthu ena amene akudalira sevayo, lembani fayilo ya systemd, pulogalamu yomwe imayatsa ndi kuyang'anira mapulogalamu ena pa Linux; fayiloyo ndi mizere yosakwana 15. Koma njira zinazo zili ndi malo ake, ndipo kudziwa pomwe iliyonse imalephera kumathandiza kumvetsa chomwe systemd ikukuchitirani.

## Chomwe chimachitika terminal ikatsekedwa

Pulogalamu iliyonse yomwe mwayatsa pa terminal imayendetsedwa ndi shell, nthawi zambiri bash. Terminal ikatsekedwa, kernel, yomwe ndi mtima wa Linux, imatumiza chizindikiro cha SIGHUP kwa shell, ndipo bash isanafe imapatsira chizindikirocho ku ntchito zonse zomwe inayatsa, za kutsogolo ndi za kumbuyo zomwe. Pulogalamu yomwe sinauzidwe chochita ndi SIGHUP imafa pomwepo.

N'chifukwa chake kuika `&` kumapeto kwa lamulo kumanamiza anthu. Mukatuluka mwadongosolo polemba `exit`, bash siitumiza SIGHUP pokhapokha mutayatsa `huponexit`, choncho seva imatsala ili moyo. Munthu amayesa kamodzi, n'kuona ngati zatheka. Tsiku lomwe intaneti yaduka SSH ili yotsegula, bash imalandira SIGHUP ndipo seva imapita nayo. Chosokoneza china n'chakuti siimafa nthawi yomweyo. Kompyuta ya kutaliyo imatenga nthawi kuti izindikire kuti mwachoka: ngati pali zomwe ikuyesa kukutumizirani imasiya patapita pafupifupi mphindi 15, ngati palibe imadikira TCP keepalive, yomwe pa Linux imayamba pakatha masekondi 7200, ndiwo maola awiri. Ndiye seva imafa madzulo pomwe netiweki inaduka masana, ndipo palibe amene amaganiza kuti ziwirizi n'zogwirizana.

## nohup, disown ndi setsid

```
cd /srv/mafayilo
nohup python3 -u -m http.server 8000 > /var/tmp/seva.log 2>&1 &
echo $! > /var/tmp/seva.pid
```

Ntchito ya nohup ndi yochepa: imauza kernel kuti pulogalamu isamalabadire SIGHUP, kenako imaiyatsa. Mukapanda kunena komwe zotuluka zipite, imaziika m'fayilo ya `nohup.out` m'foda yomwe muli, kapena m'foda yanu ya home ngati pamenepo simungalembe. Fayiloyo imangokulirakulira, palibe chimene chimaidula. Seva ya Python imalemba mzere umodzi pa pempho lililonse, ndiye pa kompyuta ya disiki yaing'ono, monga Raspberry Pi yokhala ndi khadi ya 8 GB, tsiku limafika loti disiki yadzaza. Kufufuta fayiloyo ndi `rm` sikubweza malo, chifukwa pulogalamu idakaigwira. Ichotseni za m'kati ndi `truncate -s 0 /var/tmp/seva.log`, ndipo ngati mukufuna kumachita zimenezi, yatsani seva ndi `>>` m'malo mwa `>` kuti izipitiriza kulemba pomwe fayilo yathera.

Tizigawo tiwiri ta lamulolo timaiwalika. `2>&1` iyenera kubwera pambuyo pa dzina la fayilo; mukaitsogoza pa lamulo lopanda nohup, zolakwika zipitabe ku terminal. `-u` ndi ya Python: zotuluka zikamapita ku fayilo, Python imazisunga kaye mpaka zitachuluka, ndiye mumatsegula log n'kupeza mulibe kanthu pomwe seva ikugwira ntchito bwinobwino. Mzere wachitatu umasunga nambala ya pulogalamuyo kuti podzaizimitsa mudzangolemba `kill $(cat /var/tmp/seva.pid)`. Samalani ndi fayiloyi kompyuta ikazima n'kuyakanso: nambalayo ikhoza kukhala itapatsidwa pulogalamu ina.

Dziwaninso kuti nohup silamula pulogalamu mpaka kalekale. Pulogalamu ikangoyamba ikhoza kudzikonzera yokha chochita ndi SIGHUP, ndipo zomwe nohup inaika zimafafanizika.

`disown` ndi ya pamene mwayatsa kale seva kutsogolo, ndipo simukufuna kuizimitsa. Dinani Ctrl-Z, lembani `bg`, kenako `disown`. Bash imaichotsa pa mndandanda wa ntchito zake, moti siidzaitumizira SIGHUP. Msampha wake ndi uwu: zotuluka za sevayo zidakalumikizidwa ku terminal. Terminal ikatsekedwa, kulemba kulikonse kumalephera ndi cholakwika cha Input/output error. Seva ya Python imalemba log isanatumize yankho, choncho imakhala ilipo, port ikulandira, koma aliyense wolumikiza amabwerako chimanjamanja. Curl, pulogalamu yopemphera masamba pa terminal, imati Empty reply from server. Tengani disown ngati njira yopulumukira kwa ola limodzi, osati yokhazikika. Nayo `setsid` imayatsa pulogalamu mu session yakeyake yopanda terminal, ndiye SIGHUP siiipeza. Zotuluka muyenera kuzilozera ku fayilo nokha.

Zonse zitatu zimafanana pa chinthu chimodzi. Seva ikagwa, yagwa. Kompyuta ikazima, yazima.

## tmux ndi screen

Apa nzeru yake ndi ina. M'malo mochotsa pulogalamu pa terminal, mumaipatsa terminal yomwe siitsekeka inu mukachoka.

```
tmux new -s seva
python3 -m http.server 8000
```

Dinani Ctrl-b, siyani, kenako dinani d. Mwatuluka, seva yatsala. Pobwerera, ngakhale kuchokera pa kompyuta ina, lembani `tmux attach -t seva` ndipo mupeza zonse monga munazisiyira, ndi mizere ya log ikuyenda pamaso panu. `tmux ls` imaonetsa ma session omwe alipo. Pa screen ndi `screen -S seva`, Ctrl-a kenako d, ndi `screen -r seva`. Ikakana ponena kuti session idakali yolumikizidwa kwina, zomwe zimachitika SSH ikaduka mwadzidzidzi, lembani `screen -d -r seva`. Screen ndi yakale, ya 1987, pomwe tmux inayamba mu 2007. Pa ntchito imeneyi zonse zikwanira, kungoti Red Hat inasiya kuika screen kuyambira RHEL 8, ndiye wophunzira lero angoyamba ndi tmux.

Palibe njira yoposa iyi pamene mukulemba kapena kuyesa pulogalamu, kapena ngati sevayo imafuna kuti muzilembamo malamulo ikuyenda, monga seva ya Minecraft. Mumaona cholakwika pomwe chachitikira, mumadina Ctrl-C, mumakonza, mumayatsanso. Koma zakale zomwe tmux imasunga ndi mizere 2000 yokha pokhapokha mutakweza `history-limit`, ndipo zili mu RAM. Seva yotanganidwa ikagwa usiku, mupeza cholakwika chomaliza, koma zomwe zinayambitsa zikhoza kukhala zitakokoloka kale. Kuti muzisunge, onjezani `2>&1 | tee -a seva.log` kumapeto kwa lamulo.

Vuto lina la tmux ndi la anthu, osati la makina. Session imakhala ya amene anaiyatsa. Mnzanu akalowa ndi dzina lake, `tmux ls` siimuonetsa kanthu, amaganiza kuti seva palibe, amayatsa ina, n'kukumana ndi Address already in use.

Pali chinthu china chomwe chimagwetsa nohup, tmux ndi screen pamodzi. Mu systemd muli lamulo la `KillUserProcesses` lomwe likakhala `yes` limapha mapulogalamu onse a munthu akangotuluka, ndipo kuyambira systemd 230 ya mu 2016 limabwera lili pa `yes`. Debian ndi Ubuntu anasiya pa `no`, koma ngati tmux yanu ikusowa mukatuluka, yang'anani mu `/etc/systemd/logind.conf`.

## Kuzungulira ndi while, ndi cron

Pofuna kuti seva idzuke ikagwa, anthu amaiika m'kalamulo kozungulira:

```
until /usr/bin/python3 /srv/app/seva.py; do
  echo "yagwa ndi $? pa $(date)" >> /var/tmp/kugwa.log
  sleep 5
done
```

`until` imabwereza pokhapokha pulogalamu itatha ndi nambala yosakhala 0, pomwe `while true` imabwereza zivute zitani. Musachotse `sleep`. Ngati seva ikulephera poyambira penipeni, mwachitsanzo port ili kale ndi wina, kuzungulira kopanda kupuma kumadya CPU ndi kudzaza log mofulumira. Kuzimitsa nakonso kumavuta: mukapha seva, kalamuloko kamaidzutsanso, ndiye muyenera kupha shell yomwe ikuzungulirayo poyamba.

Nthawi zina seva siikugwa n'komwe, inangopangidwa choncho. `nc -l 8000`, lamulo la pulogalamu ya netcat, imalandira munthu mmodzi, akachoka nayo imatha. Pa netcat ya OpenBSD, yomwe ili pa Ubuntu, `-k` imaipangitsa kudikira wotsatira, ndipo kuzungulira sikufunikanso.

Za kuyaka kwa kompyuta, njira yachidule ndi cron, pulogalamu yoyendetsa malamulo pa nthawi yoikika; lembani `crontab -e` n'kuikamo mzere uwu:

```
@reboot cd /srv/mafayilo && /usr/bin/python3 -u -m http.server 8000 >> /var/tmp/seva.log 2>&1
```

Imagwira, ndipo siifuna root, dzina lokhala ndi mphamvu zonse pa kompyuta. Imalephera pa zifukwa zodziwika. Cron siiwerenga `.bashrc` yanu, PATH yake, mndandanda wa mafoda omwe imafufuzamo mapulogalamu, nthawi zambiri ndi `/usr/bin:/bin` basi, ndiye `node` yomwe munaika ndi nvm kapena Python ya mu venv (foda ya Python yapadera ya pulogalamu imodzi) siipezeka mukapanda kulemba njira yonse. Shell yake ndi `sh`, osati bash. Chizindikiro cha `%` mu crontab chimatanthauza mzere watsopano, choncho `date +%F` imasweka mukapanda kuika `\` patsogolo pake. Ndipo cron siidikira netiweki, n'chifukwa chake mumaona anthu akuika `sleep 30` patsogolo, kungoyerekeza kuti pofika nthawiyo zonse zakhala zitakonzeka. Mukaphatikiza cron, kuzungulira, fayilo ya nambala ndi logrotate yodula ma log, mwamanga ndi manja chinthu chomwe kompyuta yanu ili nacho kale.

## systemd

Debian kuyambira 8, Ubuntu kuyambira 15.04, RHEL ndi CentOS kuyambira 7, Fedora, Arch ndi Raspberry Pi OS zonse zimayendera systemd. Ndiyo imayatsa sshd yomwe mumalowera, ndipo ingayatsenso seva yanu mofananamo. Yambani ndi kupanga dzina lomwe sevayo iziyendera, kuti isakhale root:

```
sudo useradd --system --no-create-home --shell /usr/sbin/nologin seva
```

Kenako lembani `/etc/systemd/system/seva.service`:

```
[Unit]
Description=Seva ya mafayilo
Wants=network-online.target
After=network-online.target

[Service]
User=seva
WorkingDirectory=/srv/mafayilo
ExecStart=/usr/bin/python3 -u -m http.server 8000
Restart=on-failure
RestartSec=5

[Install]
WantedBy=multi-user.target
```

```
sudo systemctl daemon-reload
sudo systemctl enable --now seva
systemctl status seva
journalctl -u seva -f
```

`enable` ndi `start` n'zosiyana, ndipo apa m'pomwe ambiri amapunthwa. `start` imayatsa panopa, `enable` imalemba kuti iziyaka kompyuta ikayaka. Mukachita `start` yokha, zonse zioneka bwino mpaka tsiku lomwe magetsi adzathime. `--now` imachita ziwiri zonse pakamodzi. Nthawi iliyonse mukasintha fayiloyi bwerezani `daemon-reload`, apo ayi systemd ipitiriza ndi yakale.

Mu `ExecStart` musaikemo `&` kapena nohup. Systemd imafuna pulogalamu yomwe imakhala kutsogolo, kuti iziyang'anira. Ngati pulogalamu yanu ili ndi chosankha chodzithamangitsira kumbuyo, chizimitseni. Mzerewu suyendanso kudzera mu shell, choncho `>`, `|` ndi `&&` sizigwira. Simukuzifunanso: zonse zomwe seva ikulemba zimalowa mu journal, log ya systemd, yomwe imadzidula yokha ikafika pa 10 peresenti ya disiki, osapitirira 4 GB. `journalctl -u seva --since "1 hour ago"` imaonetsa za ola lapitali, `journalctl -u seva -b -1` za kompyuta isanazime komaliza. Lamulo lachiwirili likanena kuti palibe kanthu, ndiye kuti journal ikusungidwa mu RAM. Pangani foda ya `/var/log/journal` ndi kuyatsanso `systemd-journald`. Pa pulogalamu ya mu venv palibe chifukwa cha activate, ingolembani `/srv/app/venv/bin/python`. Mawu achinsinsi aikeni m'fayilo ina yomwe root yekha angawerenge, n'kuilozera ndi `EnvironmentFile=`, chifukwa fayilo ya service aliyense wolowa pa kompyutayo akhoza kuiwerenga.

Kusankha pakati pa `on-failure` ndi `always` kumafuna kuganizira. `on-failure` imadzutsa seva ikatha ndi nambala yosakhala 0, kapena ikaphedwa ndi chizindikiro monga SIGKILL kapena SIGSEGV. Siidzutsa ikatha ndi 0, ndipo SIGTERM, SIGINT, SIGHUP ndi SIGPIPE imazitenga ngati kutha kwadongosolo. Ndiye mukayesa ndi `kill` wamba n'kuona kuti sinadzuke, sikuti yalephera. Yesani ndi `kill -9`. Koma pali mapulogalamu omwe amati akakumana ndi vuto amatuluka ndi 0 ngati palibe chalakwika. Seva ya netiweki ilibe chifukwa chothera yokha, choncho ngati simukuidziwa bwino pulogalamuyo ikani `always`. `systemctl stop` idzaizimitsabe popanda kudzukanso.

`RestartSec` ili ndi mbali ziwiri. Mukapanda kuilemba, systemd imadikira mamilisekondi 100 okha, ndipo ili ndi malire akuti service ikayaka kupitirira kasanu m'masekondi 10 isiyidwe. Seva yomwe ikugwa poyambira imatha maulendo asanuwo nthawi yomweyo, `status` imaonetsa Start request repeated too quickly, ndipo imakhala chomwecho mpaka mutaiyatsa nokha, nthawi zina mutayamba ndi `systemctl reset-failed seva`. Izi zimapweteka ngati chomwe chinasowa chinali chakanthawi, monga database yomwe inachedwa kuyaka ndi masekondi 20. Mukaika 5 monga pamwambapa, malirewo safikidwa, ndiye iyesabe mpaka zitatheka. Pa seva yaing'ono ndi zomwe mukufuna. Ngati kuyesa kosatha kungawononge kanthu, ikani `StartLimitIntervalSec=300` ndi `StartLimitBurst=5` pansi pa `[Unit]`.

Ikakana kuyaka, nambala yomwe `status` yaonetsa imanena komwe kuli vuto. `203/EXEC` ndiye kuti fayilo yomwe ili mu `ExecStart` siikupezeka, ilibe chilolezo choyenda, kapena ndi script yopanda mzere wa `#!` pamwamba, pa Fedora ndi RHEL ikhozanso kukhala SELinux ikukana pulogalamu yomwe ili mu home, ndiye isamutsireni ku `/usr/local/bin`. `200/CHDIR` ndi foda ya `WorkingDirectory` yomwe kulibe kapena dzina la seva silingalowemo, zomwe zimachitika mukaloza m'kati mwa home yanu. `217/USER` ndi dzina lomwe simunapange.

Mizere ina iwiri ndi yothandiza. Ma port osakwana 1024 amafuna root, koma m'malo moyendetsa seva yonse ngati root pofuna port 80, onjezani `AmbientCapabilities=CAP_NET_BIND_SERVICE`. Ndipo `MemoryMax=200M` imaika malire a RAM, kuti seva yomwe ikudya RAM pang'onopang'ono iphedwe yokha n'kudzutsidwa, osati kufinya kompyuta yonse. Pa VPS (seva yobwereka pa intaneti) ya 1 GB zimenezi zimachitika kawirikawiri: pulogalamu imangosowa popanda cholakwika chilichonse mu log yake, chifukwa kernel inaipha ndi SIGKILL, yomwe siipatsa mpata wolemba kanthu. Umboni wake umapezeka ndi `journalctl -k | grep -i "killed process"`.

Mulibe root? Ikani fayilo yomweyo mu `~/.config/systemd/user/`, chotsani `User=` ndi mizere iwiri ya netiweki, sinthani mzere womaliza ukhale `WantedBy=default.target`, ndipo gwiritsani ntchito `systemctl --user`. Chofunika n'chakuti `loginctl enable-linger` iyatsidwe pa dzina lanu, mwina ndi woyang'anira kompyutayo. Popanda icho, service imayaka mukalowa n'kuzima mukatuluka, ndipo mwabwerera pomwe munayambira.

## Supervisor, pm2 ndi Docker

Izi zimachita zomwe systemd imachita, koma komwe kuli systemd, nazonso zimayatsidwa ndi systemd. Supervisor ndi yabwino komwe kulibe systemd kapena komwe gulu linaizolowera kale: fayilo ya mu `/etc/supervisor/conf.d/`, kenako `supervisorctl reread` ndi `supervisorctl update`. Imadula log yokha pa 50 MB n'kusunga zakale 10. pm2 ndi ya anthu a Node.js, `pm2 start app.js` imayatsa, koma popanda `pm2 startup` ndi `pm2 save` siidzuka kompyuta ikayakanso. Docker ili ndi `--restart unless-stopped`, ndipo ngati pulogalamu ili kale mu container gwiritsani ntchito imeneyo. Kumbukirani kuti log ya Docker ilibe malire mukapanda kuika `--log-opt max-size=10m`, ndiponso port yomwe mwatsegula ndi `-p` imadutsa malamulo a firewall ya ufw. Kuika Docker n'cholinga chongosunga script imodzi ikuyenda kuli ngati kubwereka lole kuti munyamule thumba limodzi la chimanga.

Pa Alpine m'malo mwa systemd pali OpenRC, pa macOS pali launchd.

## Zomwe zimavuta ngakhale mwasankha bwino

Address already in use, yomwe pa Linux ndi Errno 98, imakhala ndi zifukwa ziwiri. Kawirikawiri seva yakale idakalipo, mwina ya nohup yomwe munaiwala musanasamukire ku systemd. `sudo ss -tlnp | grep :8000` ikuuzani dzina ndi nambala yake. Ipheni ndi `kill` wamba poyamba kuti itseke mafayilo ake bwino. `kill -9` ndi ya pamene yakana. Ngati `ss` siikuonetsa kanthu koma port ikukanabe, ndi zolumikiza zakale zomwe zili mu TIME_WAIT, zomwe pa Linux zimatha pakapita masekondi 60. Pulogalamu iyenera kuika `SO_REUSEADDR` isanatenge port. `http.server` imachita kale zimenezi, koma `socketserver.TCPServer` siichita mpaka mutalemba `allow_reuse_address = True`, ndipo seva yotere pansi pa systemd imagwa n'kudzuka kwa mphindi yathunthu isanakhazikike.

Seva yomwe ikuyankha pa kompyuta yake koma osafikika kwa ena nthawi zambiri ikumvetsera pa 127.0.0.1 m'malo mwa 0.0.0.0, kapena firewall yatseka; `sudo ufw allow 8000/tcp` imatsegula. Mbali ina ya nkhani yomweyi: `http.server` imamvetsera paliponse mukapanda kuika `--bind 127.0.0.1`, siifunsa mawu achinsinsi, ndipo imaonetsa chilichonse chomwe chili m'foda yomwe yayatsidwira. Mukaiyatsa mu home, foda ya `.ssh` ili pa mbalambanda. Olemba Python eniake amachenjeza kuti siinapangidwire ntchito yokhazikika ya pa intaneti. Seva yomwe mumafuna ikhale mphindi 10 ndi ina, yomwe ikhale miyezi ndi inanso. Musanalembe `enable`, onaninso chomwe ikugawa ndi kwa ndani.

Komwe magetsi amathimathima pali zinthu zitatu zomwe systemd singakuchitireni. Kompyuta ya pa desiki siidziyatsa yokha magetsi akabwera mpaka mutalowa mu BIOS n'kusintha chosankha chomwe chimalembedwa Restore on AC Power Loss kapena AC Recovery kuti chikhale Power On. Raspberry Pi imayaka yokha, koma khadi yake ya SD imawonongeka ikazima pakati pa kulemba, ndiye UPS (batire losungira magetsi) yaing'ono si chinthu chapamwamba. Laputopu yakale ndi seva yabwino chifukwa ili ndi batire lake, kungoti imagona mukatseka chivundikiro; ikani `HandleLidSwitch=ignore` mu `/etc/systemd/logind.conf`. Chachitatu ndi rauta. Magetsi akabwera, kompyuta ikhoza kuyaka msanga kuposa rauta, n'kulandira adiresi ya IP mochedwa kapena yosiyana ndi ya dzulo. Seva yomwe inauzidwa kumvetsera pa adiresi inayake imagwa ndi Cannot assign requested address, pomwe yomvetsera pa 0.0.0.0 imayaka bwino koma anthu akuifunafuna pa adiresi yakale. Lowani mu rauta, sungirani kompyutayo adiresi imodzi pogwiritsa ntchito MAC yake.

Tatsala ndi vuto lachinayi lija, seva yomwe ilipo koma siikuyankha. Systemd imangoona kuti pulogalamu siinafe, ndipo `status` imalemba active. Ili ndi `WatchdogSec=`, koma imafuna kuti pulogalamuyo ilembedwe mwanjira yoti izitumiza uthenga kwa systemd pafupipafupi, zomwe seva zazing'ono zambiri sizichita. Njira yosavuta ndi kuifunsa monga momwe munthu angaifunsire. Mu crontab ya root:

```
*/5 * * * * /usr/bin/curl -fsS --max-time 10 -o /dev/null http://127.0.0.1:8000/ || /usr/bin/systemctl restart seva
```

Mphindi zisanu zilizonse curl imapempha tsamba. `-f` imatenga mayankho a 400 kupita m'mwamba ngati kulephera, `--max-time 10` imaletsa kuti nayo isakakamire podikira. Mzerewu umadzutsanso seva yomwe mwaizimitsa dala ndi `systemctl stop`, chifukwa `restart` imayatsa ngakhale yozima. Ngati simukufuna zimenezo, lembani `try-restart`, yomwe imakhudza service yoyaka yokha. Ndipo nthawi ndi nthawi yang'anani `journalctl -u seva | grep -c Started`. Nambalayo ikamakwera tsiku lililonse, m'pulogalamu muli cholakwika chomwe kudzutsaku kukungobisa, ndipo poyambira kuchifufuza ndi mizere ya log yomwe ili pamwamba pa Started iliyonse.